Tsamba lachisanu libwerere pamtengo wa Bangladesh

Mu Januwale 2025 ku Dhaka, likulu la Bangladesh, magazi adakhetsedwa chifukwa cha chithunzi cha mtengo. Chithunzicho chidali kuchikuto chakumbuyo kwa buku la galamala ya Chibengali la ana a kalasi 9 ndi 10, ndipo chidatengedwa pa zojambula za pakhoma za achinyamata amene adagwetsa boma la Sheikh Hasina mu Ogasiti 2024. Mtengowo udali ndi masamba asanu, lililonse ndi dzina lake: Msilamu, Mhindu, Mkhristu, Mbuda ndi Adivasi, kutanthauza eni nthaka. Pambali pake padalembedwa kuti kuthothola masamba n'koletsedwa. Gulu la ophunzira lotchedwa Students for Sovereignty lidakazinga ofesi ya NCTB, bungwe la boma lokonza mabuku a sukulu, likufuna kuti tsamba lachisanulo lichoke. Bungwelo silidachedwe, lidachotsa chithunzi chonse. Pa 15 Januwale ophunzira a mitundu ing'onoing'ono atapita pa ofesi yomweyo kukadandaula, adakapeza anzawo aja akuwadikira ndi ndodo, ndipo ena adathera kuchipatala.

Ine ndili kumbali ya tsamba lachisanulo. Kuthithikana kwa anthu ku Bangladesh n'koona ndipo n'koopsa, koma sikungakhale chifukwa chomanira mitundu ing'onoing'ono dzina lawo ndi malo awo. Ndikutchula dzina ndi malo pamodzi chifukwa mkangano wa chithunzi chija, ukaufukula bwino, pansi pake pali minda. Munthu amene mwamukaniza kutchedwa mwini nthaka savuta kumudumpha pa kalembera, ndipo wodumphidwa pa kalembera sakhala ndi mawu tsiku logawa malo.

Tiyambe ndi kukula kwa vutolo, kuti wina asandinene kuti ndikulankhula ngati munthu wokhala pamtetete. Kalembera wa 2022 adapeza anthu oposa 165 miliyoni pa malo a masikweya kilomita 147,570, ndiye kuti anthu 1,119 pa sikweya kilomita imodzi, kuwerengera pamodzi minda, madambo ndi mitsinje. Dziko la Malawi, limene timadandaula kuti ladzaza, lidali ndi anthu 17.6 miliyoni mu 2018, anthu 186 pa sikweya kilomita. Kukula kwa malo, Bangladesh imaposa Malawi pang'ono chabe, koma anthu ake ndi ochuluka kasanu n'kanayi. Mwa anthu onsewo, pafupifupi 99 pa 100 alionse ndi Abengali. Otsalawo, malinga ndi kalembera yemweyo, ndi anthu 1,650,159 a mitundu 50. Ochuluka ndi Achakma, oposa 480,000, kenako Amarma, Atripura, Asantal, Aoraon ndi Agaro. Ambiri amakhala kumapiri a Chittagong Hill Tracts, m'maboma atatu a Rangamati, Khagrachhari ndi Bandarban, ena ali kuzigwa za kumpoto. Agaro a ku Madhupur ndi Akhasi a ku Sylhet angatimvetse msanga ife a kuno, chifukwa kwawonso mwana amatsata mtundu wa mayi ndipo mwamuna amakakhala chikamwini.

Otsutsa amayambira pa mawu enieniwo. Amati Adivasi ndi munthu woyamba kukhala pamalo, ndipo ku Bengal oyambawo ndi Abengali, amene makolo awo akhala akulima mpunga m'zigwa za mitsinje ya Padma, Jamuna ndi Meghna kwa zaka zikwizikwi. Achakma ndi Amarma, iwo amatero, adalowera cha ku Arakan, m'dziko la Myanmar, zaka mazana ochepa zapitazo, ndipo Asantal ambiri adafika m'nthawi ya atsamunda. Kumeneko si ku Australia kapena ku America, kumene azungu adatsika m'zombo n'kupeza eni ake. Maganizowa si a anyamata a ndodo okha ayi. Mu 2011 nduna yoona zakunja, Dipu Moni, idauza akazembe zomwezo, ndipo chaka chomwecho malamulo aakulu a dziko atasinthidwa, anthuwa adatchulidwa ndi mayina ena koma osati Adivasi. Boma limakonda kunena kuti upajati kapena khudro nrigoshthi, ndiko kuti kafuko kapena timitundu ting'onoting'ono.

Sindikukana kuti Abengali ndi eni ake a zigwa. Palibe amene akuwalanda zimenezo. Koma funso la amene adafika koyamba, tikalitsata mpaka kumapeto, palibe angatsale. Ife Achewa timafotokoza tokha kuti tidachokera ku Uluba ndipo tidapeza Akafula, koma sindidamvepo munthu akuuza nyakwawa ya ku Dedza kuti ndi mlendo. Funso loyenera ndi lakuti: pamene boma lamakono linkafika kumapiri aja, lidapezako yani, ndipo malo ankagawidwa ndi yani? Angerezi adapezako Achakma, Amarma, Atripura, Amro ndi anzawo, ali ndi mafumu awo. Lamulo la 1900 loyendetsera mapiriwo lidavomereza mafumu aakulu atatu, ya Chakma, ya Bohmong ndi ya Mong, ndipo lidaika malire pa kubwera kwa anthu a kuzigwa. Pofika 1947, anthu oposa 90 pa 100 alionse kumeneko sadali Abengali. Kuwonjezera apo, mawuwo sadabwere ndi mabungwe akunja monga ena amanenera. Lamulo la malo la 1950 lili ndi ndime yoteteza minda ya mitundu imeneyi kuti isamagulitsidwe mwachisawawa kwa anthu ena. Bangladesh idavomereza pangano nambala 107 la ILO, bungwe la United Nations loona za ntchito, lokhudza anthu otere mu 1972. Ngakhale chipani cha Sheikh Hasina, Awami League, chidalemba mawu akuti Adivasi m'manifesto ake a 2008 pofuna mavoti. Tsono mawu amene adali abwino pa kampeni adaipa liti? Adaipa pamene eni ake adayamba kuwagwiritsa ntchito pofunsa za minda.

Mfundo yachiwiri ya otsutsa ndiyo yolemera, ndipo siyenera kuyankhidwa mwachipongwe. Amati mapiri a Chittagong ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a dziko lonse, koma kumakhala anthu osakwana 2 miliyoni. Kuzigwa, chaka ndi chaka mitsinje imameza minda ndi nyumba. Banja limagona lili ndi munda wa mpunga, kukacha mtsinje wa Jamuna ukuyenda pamene padali munda paja, ndipo anthuwo amakathera m'zisakasa za ku Dhaka, bambo n'kuyamba kupalasa rikisho, njinga yonyamula anthu. Kodi munthu wotere mungamuuze kuti asapite kumapiri chifukwa kumeneko kuli eni ake? Kodi nzika ilibe ufulu wokhala paliponse m'dziko lake?

Ufulu ulipo, koma mapu amanyenga. Malo akuluwo ndi zitunda zotsetsereka ndi nkhalango. Kafukufuku wa nthaka wa m'zaka za m'ma 1960 adapeza kuti pafupifupi 3 pa 100 pokha ndi pamene pangalimidwe mbewu zamtundu uliwonse. N'chifukwa chake anthu a kumeneko amalima jhum, ulimi wotema ndi kutentha tchire kenako n'kusiya malowo zaka zingapo kuti apume, wofanana ndi chitemene wa ku Zambia. Mlendo akaona chitunda chopuma amati ndi tchire lopanda mwini, pamene mudzi wonse ukudziwa kuti ndi munda wa auje. Ndipo kachigwa kachonde kamene kadalipo kadamira kale. Damu la Kaptai, limene boma la Pakistan lidamaliza mu 1962 pamtsinje wa Karnaphuli, Bangladesh ikadali gawo la Pakistan, lidamiza maekala pafupifupi 54,000, ndiwo magawo 40 pa 100 a minda yabwino ya kumapiriko, n'kusamutsa anthu pafupifupi 100,000, ambiri a iwo Achakma. Nyumba yachifumu ya Achakma ili pansi pa madzi amenewo, ndipo lero alendo amayenda pamwamba pake m'maboti akujambula zithunzi. Ena mwa osamutsidwawo adawolokera ku India, kumene zidzukulu zawo zikuvutikabe ndi nkhani ya unzika.

Komanso tiwerengere limodzi. Kuyambira 1979, mu ulamuliro wa Ziaur Rahman ndipo kenako wa Ershad, boma lidatuta mabanja osauka a kuzigwa kupita nawo kumapiri, likuwalonjeza malo, ndalama ndi chakudya. Ofufuza ambiri amati anthuwo adali pafupifupi 400,000. Nthawi imeneyo chiwerengero cha dziko chidachoka pa 71 miliyoni mu 1974 kufika pa 87 miliyoni mu 1981, ndiye kuti chinkakwera ndi anthu oposa 2 miliyoni chaka chilichonse. Choncho anthu onse amene adasamutsidwa m'zaka zingapozo angofanana ndi kukwera kwa miyezi iwiri kapena itatu. Zigwa sizidapume n'komwe. Koma kumapiri, kumene kudali anthu ochepa, zinthu zidatembenukiratu, moti kalembera wa 2022 akuonetsa kuti Abengali tsopano ndi theka la anthu a m'maboma atatu aja. Ndondomeko imene siyithandiza kumene anthu akuchokera koma imasinthiratu kumene akupita siyingatchedwe yochepetsa kuthithikana. Idachitika m'kati mwa nkhondo ya pakati pa asilikali a boma ndi zigawenga za kumapiri, ndipo cholinga chake chidali choti eni mapiri achepe kwawo komwe.

Chimene chidachepetsadi vutoli chikudziwika, ndipo Bangladesh iyenera kuyamikiridwa nacho. Mu 1975 mayi mmodzi ankabereka ana 6.3 tikatenga pakatikati. Pofika 2011 adali 2.3, ndipo chiwerengerocho chakhala pamenepo kwa zaka zambiri. Sadachite kukakamiza ngati ku China. Adalemba ntchito amayi zikwizikwi oti aziyenda khomo ndi khomo, chifukwa akazi ambiri a kumidzi mwambo sunkawalola kutuluka okha kupita kuchipatala. Mlangizi ankafika ndi kachikwama ka mapiritsi, n'kukhala pamphasa kuseri kwa nyumba, kucheza ndi mayi, nthawi zina ndi apongozi ake omwe, kenako n'kudzabweranso patapita masabata angapo. Ntchito yotere ya m'dera lakumidzi la Matlab, imene idayamba mu 1977, idaonetsa kuti kubwerezabwereza kumeneko ndiko kumasintha zinthu. Mu 1994 boma lidayamba kupereka kandalama kwa atsikana a kusekondale a kumidzi, ndipo mafakitale osoka zovala adalemba anthu pafupifupi 4 miliyoni, ambiri a iwo akazi. Kalembera wa 2022 adapeza kuti chiwerengero chikukwera ndi 1.22 peresenti pachaka. Ntchito idakalipo, popeza pafupifupi theka la atsikana amakwatiwabe asanakwanitse zaka 18, ndipo achinyamata ndi ambiri moti anthu apitirira kuchuluka kwa zaka zikubwerazi. Koma aliyense wodera nkhawa za kuthithikana moona mtima, nkhondo yake ili pamenepo, pa ukwati wa ana ndi pa sukulu ya atsikana. Chitunda cha Mchakma sichingamuthandize.

Mfundo yachitatu imanenedwa monyoza: anthu ake ndi mmodzi pa 100 alionse, phokoso lonseli n'lachiyani? Choyamba, anthu 1.65 miliyoni si ochepa. Angotsala pang'ono kufanana ndi anthu onse a m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre pamodzi mu 2018. Chachiwiri, nambalayo payokha ikukayikitsa. Mu 2011 kalembera adawerenga anthu 1,586,141 a mitundu ing'onoing'ono, ndipo mndandanda udali ndi mitundu 27. Mu 2022 mndandanda udakula kufika pa mitundu 50, koma anthu adangowonjezekera ndi pafupifupi 64,000, ndiye 4 peresenti, pamene dziko lonse lidachoka pa 144 miliyoni kufika pa 165 miliyoni, pafupifupi 15 peresenti. Mitundu yawonjezeka ndi 23, zaka zapita 11, koma anthu sakuoneka. Kodi adaleka kubereka? Kalemberayo adachitika mu Juni, m'nyengo ya mvula, pamene kumidzi ina ya ku Bandarban umayenda tsiku lathunthu wapansi kuti ukafike. Atsogoleri a mitunduyi adadandaula kuti midzi ina owerengera sadapondeko, ndipo iwo amati anthu awo ndi pafupifupi 3 miliyoni. Sindikunena kuti nambala yawoyo ndiyo yolondola. Ndikunena kuti dziko limene lidatha kufikitsa mapiritsi olera kwa mayi wobisika kuseri kwa mpanda silingalephere kuwerenga midzi ya pamapiri litafuna. Njira yake ndi yomwe ija: kulemba ntchito anthu a m'deralo, olankhula chiyankhulo chake, n'kuwatuma khomo ndi khomo.

Ndinenepo pang'ono kuti tsamba lachisanu si lokhalo limene likufota. Ahindu adali 13.5 peresenti mu 1974, koma mu 2022 adatsala 7.95. Ena adasamukira ku India, ndipo lamulo lakale lolanda katundu wa anthu otchedwa adani lidawatayitsa malo ambiri. Imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina, koma kumenekonso pansi pake pali minda.

Mfundo yachinayi ndi ya chitetezo, ndipo ndiyo imene dzina la gulu la ophunzira lija likuloza. Amati mukangovomereza mawu akuti Adivasi, mawa lake a United Nations afika ndi mapangano awo, kenako mapiri afuna kudzilamulira, potsiriza dziko ligawika. Amakumbutsa kuti gulu la zigawenga za kumapiri la Shanti Bahini lidamenyana ndi asilikali kwa zaka 20 likubisala kutsidya kwa malire a India, ndiponso kuti mpaka lero kumapiri kuli magulu a mfuti amene amaphana okhaokha ndi kulipiritsa anthu ndalama mokakamiza. Zonsezi n'zoona, ndipo amene amavutika kwambiri ndi magulu amenewa ndi anthu a kumapiri omwewo. Komabe tione chimene chidayamba. Mu 1972 Manabendra Narayan Larma, phungu wa kumapiri, adapita kwa Sheikh Mujibur Rahman, mtsogoleri wa dziko nthawi imeneyo, kukapempha kuti malamulo atsopano a dziko avomereze mitundu ya kumapiri ndi kuteteza malo awo. Adakanidwa. Malamulowo adanena kuti nzika zonse zizitchedwa Abengali, ndipo Larma adaimirira m'Nyumba ya Malamulo kunena kuti iye ndi Mchakma, si Mbengali. Mfuti zidalira pambuyo pake. Mfutizo zidatulidwa liti? Pamene boma lidavomera kukhala pansi n'kusaina mgwirizano wa mtendere pa 2 Disembala 1997 ndi mng'ono wake wa Larma, Santu Larma. Zigawenga zidapereka zida, othawa kwawo zikwizikwi adabwerako ku Tripura m'dziko la India, ndipo dziko silidagawike. Mbiri ya dziko lomwelo ikuonetsa kuti kukana dzina ndiko kudabala nkhondo, kuvomereza kudabweretsa mtendere.

Vuto n'lakuti mgwirizanowo udasiyidwa panjira. Uli ndi ndime 72. Boma la Hasina linkati lakwaniritsa 65, pamene PCJSS, chipani cha anthu a kumapiri chimene chidasaina nawo, chimati ndi 25 zokha. Makhonsolo a maboma atatu aja sadachitepo chisankho chiyambire 1997, amangoikidwa ndi boma. Misasa yambiri ya asilikali imene idayenera kuchoka idakalipo. Pamene palibe njira yoweruzira nkhani za malo, kamkangano kalikonse kamasanduka moto, monga zidachitikira mu Seputembala 2024 ku Khagrachhari ndi ku Rangamati, kumene masitolo adatenthedwa ndipo anthu anayi a mitundu ya kumapiri adaphedwa.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti palibe mtundu umene uyenera kumvetsa nkhaniyi kuposa Abengali. Pa 21 Febuluwale 1952 ophunzira adawomberedwa ku Dhaka chifukwa chokana kuti Chiurdu chokha chikhale chiyankhulo cha Pakistan, ndipo tsikulo ndi limene UNESCO idalisandutsa tsiku la ziyankhulo za makolo mu 1999. Nkhondo ya 1971 yodzipatula ku Pakistan idamenyedwa ndi anthu amene ankauzidwa kuti aiwale Ubengali wawo kuti dziko likhale limodzi. Lero adzukulu awo akuuza Mmarma mawu omwewo. Ifenso olankhula Chichewa tisaloze chala modzitama, chifukwa mu 1968 chiyankhulo chathu chitakwezedwa, Chitumbuka chidachotsedwa pa wailesi, ndipo bala limenelo kumpoto silidapole. Wochuluka saona kulemera kwake. Kunena zoona, Bangladesh idayesapo: kuyambira 2017 pali mabuku a ana aang'ono m'Chichakma, Chimarma, Chikokborok, Chigaro ndi Chisadri. Koma buku lopanda mphunzitsi wodziwa kuliwerenga limangokhala m'kabati, ndipo dandaulo limeneli lamveka m'masukulu ambiri a kumeneko.

Patsala funso limene a mbali yanga sakonda kulikhudza. Nanga Abengali amene adatutidwa mu 1980 aja titani nawo? Adali amphawi, ambiri mitsinje itawadyera minda, ndipo boma lidawagwiritsa ntchito ngati mpanda. Ana awo ndi adzukulu awo adabadwira kumapiriko, kwina sakudziwako. Ena mpaka pano ali m'midzi yothithikana imene asilikali adawamangira, akudalira chakudya cha boma. Kuwathamangitsa kungakhale kubwereza tchimo lomwelo. Taganizani za chitunda chimodzi chokhala ndi eni ake awiri. Wina ali ndi chikalata chodindidwa ku ofesi ya boma, chimene bambo ake adalandira atangotsika mulole. Winayo alibe pepala lililonse, chifukwa kwawo malo amagawidwa ndi karbari, nyakwawa ya mudzi, ndi mfumu ya dera. Umboni wake ndi mitengo ya mango ndi jakifuruti imene agogo ake adabzala. Khothi wamba lingopatsa wa pepala, ndipo ndi mmene malo ambiri adapitira. N'chifukwa chake mgwirizano wa 1997 udakhazikitsa komishoni yapadera ya malo, yotsogozedwa ndi jaji wopuma pantchito, momwenso muli mafumu aakulu aja, kuti iziweruza potsata malamulo ndi miyambo ya kumapiri. Lamulo lake lidaperekedwa mu 2001, lidakonzedwanso mu 2016, madandaulo zikwizikwi adaperekedwa, koma milanduyo yangounjikana osaweruzidwa. Komishoniyo ipatsidwe ndalama, antchito ndi chitetezo kuti igwire ntchito. Kumene ipeze kuti pepala lidaperekedwa pamunda wa mwini wake, munda ubwerere, ndipo banja la Chibengalilo lilipidwe ndi boma limene lidalinamiza, lipatsidwe malo ena kapena thandizo lobwerera kuzigwa ngati lifuna. Ndalama zake zingachuluke, koma misasa ya asilikali nayo siyikhala yaulere.

Mitundu ing'onoing'ono ya kuzigwa ilibe ngakhale komishoni yogonayo. Ku Gobindaganj, m'boma la Gaibandha, maekala oposa 1,800 a Asantal ndi anansi awo adatengedwa m'nthawi ya Pakistan kuti pazilimidwa nzimbe za fakitale ya shuga. Fakitale itayamba kubwereketsa malowo kwa anthu olima mbewu zina, Asantal adabwerera n'kumanga zisakasa, akunena kuti pangano lidali loti nzimbe zikaleka malo abwerere kwa eni ake. Pa 6 Novembala 2016 apolisi adabwera kudzawachotsa, nyumba zidatenthedwa, ndipo Asantal atatu adafa. Manifesto aja a 2008 adalonjeza komishoni ya malo ya mitundu ing'onoing'ono ya kuzigwa. Awami League idakhala m'boma zaka 15 osaikhazikitsa.